Mango a Yotamu wa Bakha

Ufumu wa Zidapita uli kuseri kwa mapiri, kumene mvula imagwa ikafuna ndipo lamulo limagwira amene wayandikira. Musavutike n'kuufunafuna pa mapu. Amene adapatsidwa ntchito youjambula adagulitsa pensulo asadayambe.

Kuyambira kale dziko limeneli silinkasunga milandu m'mabuku, poti chiswe cha kumeneko chimadya mapepala ngati chatumidwa. Makolo awo adapeza nzeru ina. Munthu akapezeka wolakwa pabwalo, ankalandira chilango chake, kenako n'kupatsidwa mbande ya mango kuti akabzale m'mbali mwa msewu wochokera kunyumba ya mfumu kukafika kumsika wa Tikuonani. Ankaithirira yekha mpaka itagwira. Mtengowo unkatenga dzina la mwini wake pamodzi ndi chimene adalakwa, moti ngakhale mwana wongophunzira kumene kuyankhula ankatha kukulozerani kuti awa ndi mango a uje wa mbuzi, awo ndi a uje wosuntha malire a munda. Kwina amati mlandu suola. Ku Zidapita unkachita kubereka zipatso chaka ndi chaka, anthu n'kumadya.

Munthu wokhala ndi mtengo pamsewupo sankaloledwa kuchitira umboni pabwalo, kusunga ziweto za mnzake, kapena kukhala nkhoswe ya ukwati. Lamulolo lidatchula zonsezi mosamala kwambiri, koma lidaiwala kutchula unduna. N'chifukwa chake chigawo cha msewu choyandikira kunyumba ya mfumu chidali nkhalango yeniyeni. A Kanyambita okha, Nduna ya Nkhokwe, adali ndi mitengo yochuluka moti anyani adasamuka kuphiri n'kudzakhazikika m'milandu yawo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka: akuluakuluwa akagwidwa ankabzala, akabzala ankakwezedwa pantchito, ndipo kuthirira ankachita kutuma antchito.

Kumapeto kwa nkhalango ya akuluakuluyo, pamene msewu umalowa mumsika, padali mtengo umodzi waukulu kuposa yonse, wa nthambi zotambalala. Amenewo adali mango a Yotamu wa bakha. Yotamu Dzimbiri adali mmisiri wokhoma zidebe ndi mbaula, bambo wa imvi zongoyamba kumene, wosachedwa kupereka moni. Ali mnyamata, chaka cha njala, adaba bakha wa Nagama n'kugwidwa nthenga zikadali m'tsitsi. Adakwapulidwa, adabzala mtengo wake, ndipo popeza manyazi ake adali enieni, adauthirira mopitirira muyeso, m'mawa ndi madzulo, ngati akupepesa. Mtengo udamva kupepesako n'kukula kuposa ya anthu amene adaba ng'ombe. Chiyambire pamenepo Yotamu sadatolenso ngakhale singano ya munthu, koma akamadutsa pakhomo, amayi ankaitanabe nkhuku zawo. Ankaseka nawo, koma mumtima zinkamuwawa.

Mwini bakha adakhululuka kalekale. Nagama adali mayi wa pakamwa pakuthwa, wogulitsa tomato ndi anyezi, ndipo malo ake ogulitsira adali patsinde pa mtengo womwewo. Ankati bakha akadamudya tsiku limodzi n'kutha, koma mthunzi waudya zaka zonsezi, ndiye pa mlandu umenewu wopindula ndi iyeyo.

Vuto lidabwera ndi Esinta, mwana wa malemu mlongo wake wa Yotamu, amene adakulira m'manja mwa malume akewo. Mtsikanayu adapeza mwamuna womukonda, ndipo akuchimuna adatumiza mawu oti chinkhoswe chichitike mvula isadagwe. Ku Zidapita ukwati wopanda nkhoswe ndi chibwenzi chabe, ndipo kuchikazi mwamuna wamkulu adalipo Yotamu yekha.

"Amalume, akuchimuna akufunsa kuti nkhoswe yanga ndi ndani," adatero Esinta tsiku lina, atawapeza akukhoma chidebe.

"Wawauza chiyani?"

"Ndati ndi inuyo."

Yotamu adaika nyundo pansi. "Iwe Esinta, sukudziwa kuti ine ndili ndi mtengo? Tipemphe munthu wina, ngakhale wachibale chapatali, angoima tsiku limenelo."

"Mtengowo ndikuudziwa, ndidakulira pansi pake. Koma nkhoswe si ya tsiku limodzi ayi. Mawa zikadzavuta m'banja ndidzathamangira kwa munthu wobwereka? Amene mudandilera ndinu. Mukapanda kuima inuyo, ine sindikwatiwa, ndipo sindikunena zocheza."

Yotamu adamudziwa mwanayo. Adatengera mayi ake, amene akati ayi ankakhala ayi mpaka chaka chamawa. Adatolanso nyundo, koma tsiku limenelo chidebe chidatuluka chopindika.

Masiku omwewo kunyumba ya mfumu kudafika mlendo, Mfumukazi ya dziko loyandikana nalo la Tsidyalina. Mfumu Yaikulu Sindilakwa Wachiwiri idamutenga kukamuonetsa ufumu, ndipo mlendoyo adachita chidwi ndi msewu uja.

"Koma dziko lanu n'lamthunzi bwanji! Amabzala mitengo yonseyi ndani?"

"Nduna zanga," idayankha Mfumu, ndipo pamenepo sidaname.

Zikadathera pomwepo, koma mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Atafika kumsika adakhumbira tomato, n'kuima pa Nagama, n'kubwerezanso funso lija.

"Kuno, mayi, mtengo uliwonse ndi mlandu," adatero Nagama akumusankhira wakupsa bwino. "Uwu ndi wa bakha wanga. Uko kwachita mdima uko, kumene munamva kamphepo kozizira kaja, ndiye kuboma."

Mfumukazi idaseka mpaka duku kugwa, ndipo onyamula katundu wake amati idasekabe mpaka pamalire a dziko.

M'mawa mwake ng'oma idaitana nduna zonse. Mfumu Sindilakwa sidali munthu wankhanza. Inkakonda kuyamikiridwa, kudya zonona ndi kugona masana, ndipo chinthu chokha chimene chinkaipsetsa mtima chidali kusekedwa.

"Ndikufuna kudziwa amene wachititsa manyazi ufumu wanga," idatero.

Nduna zidangoti zyoli, iliyonse ikuwerenga mitengo yake mumtima. Kenako adaimirira a Mpotoza, Nduna ya Malamulo, munthu woti akakugwirani chanza mumayamba mwaona ngati zala zabwerera zonse.

"Mfumu yosalakwa, mwini mvula, inu amene dzuwa limayamba lakupemphani lisadatuluke! Nkhaniyi ndaiunika mozama. Kodi mlendo uja waona munthu akuba? Ayi. Waona chiyani? Mitengo. Choncho amene atichititsa manyazi si anthu ayi, ndi mitengo. Tichotse mitengo, dziko liyere."

A Kanyambita adaomba m'manja mpaka thukuta. "Ine ndakhala ndikunena kuti mitengo imeneyi ikundiipitsira mbiri," adatero. "Munthu sungathenso kuyenda ndi ngolo ya chimanga usiku osakuganizira zoipa."

Lamulo lidapangidwa chakudya chamasana chisadapse, ndipo mneneri wa Mfumu adathamanga nalo kumsika, n'kukwera pachulu.

"Tamverani, tamverani! Mfumu Yaikulu, mwa chifundo chake chosefukira, yalamula kuti milandu yakale ifafanizidwe. Aliyense amene mtengo wake wadulidwa wayera ngati khanda lobadwa lero, ndipo womukumbutsa zakale adzaona zakuda. Koma mtengo udulidwe ndi Nkhwangwa Yachifumu yokha, imene ikusungidwa ku Bwalo la Bweranimawa. Wodula ndi nkhwangwa ya kunyumba kwake adzabzala mitengo iwiri. Nkhwangwa iyambira kwa akuluakulu, poti ndiwo avutika kwambiri ndi manyazi!"

"Nanga chimanga chathu chobedwa chija chibwerera m'nkhokwe mitengo ikagwa?" adafunsa Nagama.

"Funso limenelo lafafanizidwa," adayankha mneneri, n'kutsika pachulu.

Yotamu zonsezo sadazimve. Iye adangomva mawu amodzi okha, akuti kuyera. Adasamba, adavala malaya a kutchalitchi, ulendo ku Bwalo la Bweranimawa. Bwalolo lidali ndi khonde lalitali ndi mabenchi osalala chifukwa cha anthu odikira. Pakhomo padakhala msungi wa nkhwangwa, munthu waulemu kwambiri, amene adamulandira ndi manja awiri.

"Mlandu wanu ndi wa chiyani, bambo?"

"Wa bakha."

"Abakha angati?"

"Mmodzi."

"Mmodzi yekha?" Msungiyo adamuyang'ana momumvera chisoni. "Bambo, mlandu wanu wachepa kwambiri. Kuno tikuyamba ndi amene adayesetsa. Bwerani mawa."

Mawa lake nkhwangwa idali m'nkhalango ya a Kanyambita. Tsiku lina idali itabuntha, poti milandu ya akuluakulu ndi yokhwima. Tsiku linanso mpini udathyoka, ndipo nduna zidakhala pansi masiku angapo kukambirana ngati n'kololedwa kusema mpini watsopano kuchokera ku mtengo wa mlandu. Yotamu ankapita, kubwerera, kupitanso, mpaka nsapato zake zidaidziwa njira zokha. Ankadzilimbitsa mtima kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma nkhono ya ku Bweranimawa idali yosatuluka m'chigoba.

Mitengo ya akuluakulu idagwa yonse, anyani n'kubwerera kuphiri akung'ung'udza. A Kanyambita adasoketsa mkanjo woyera, n'kubwera kumsika kudzaonetsa kuyera kwawo. Adalengeza kuti popeza tsopano lamulo likuwalola, ali okonzeka kusungira anthu mbuzi ndi ng'ombe kwaulere. Anthu adathokoza kwambiri, n'kuwauza kuti mwatsoka ziweto zonse zapita kukacheza kwa achibale.

Koma mitengo itagwa zitsa zidatsala, ndipo chitsa n'choipa kuposa mtengo, poti mtengo umabisa kunenepa kwake m'masamba pamene chitsa chimaonetsa poyera. Anthu a ku Zidapita ndi omvera malamulo. Adaletsedwa kutchula milandu yakale, ndipo sadatchule mlandu ngakhale umodzi. Ankangoti, "Ndapunthwa pa a Mpotoza," kapena, "Tikumane pa a Kanyambita aakulu aja, pafupi ndi a Kanyambita ang'onoang'ono."

Ng'oma idaliranso. A Mpotoza adafotokozera Mfumu kuti kafukufuku watsopano waonetsa kuti vuto silidali mitengo kwenikweni koma mizu, ndipo lamulo lachiwiri lidatuluka loti zitsa zizulidwe. Zidazulidwa, pamalo pake n'kutsala maenje, ena akuya moti munthu wamtali ankalowa osaoneka chipewa.

"Mbuzi yanga yagwera mwa a Nduna ya Nkhokwe," adadandaula bambo wina mumsika.

"Iwalani, achimwene," adatero Nagama. "Zolowa mmenemo sizituluka."

Lamulo lachitatu lidati maenjewo si maenje koma zizindikiro za chitukuko, ndipo wogweramo azithokoza. Anthu adamveranso. Madzulo alionse munkamva mawu ochokera pansi pa nthaka akuthokoza boma ndi kupempha chingwe.

Uku zikuseketsa chonchi, kwa Yotamu nthawi inkatha. Mitambo idayamba kusonkhana kumapiri, mango adayamba kupsa, ndipo akuchimuna adatumiza mawu achiwiri, aulemu koma ozizira. Adati iwo adikira mokwanira, ndipo ngati kuchikazi kulibe nkhoswe yovomerezeka, mnyamata wawo ayang'ana kwina. Esinta sadalire pamaso pa malume ake. Adangosiya kuimba akamatsuka mbale, ndipo zimenezo zidamupweteka Yotamu kuposa misozi.

Masana ena adatenga nkhwangwa yake yowazira nkhuni n'kulunjika kumsika. Nagama atamuona akubwera, adasuntha dengu lake n'kutsamira tsinde la mtengo.

"A Yotamu, nkhwangwayo ikupita kuti?"

"Anagama, tasunthani. Ukwati wa mwana wa mlongo wanga ukutha ine ndikuona."

"Mukadula mubzala iwiri. Ndiye Esinta akhala ndi malume a mitengo iwiri. Mwaganiza bwino?"

"Nanga nditani? Bakha mmodzi, Anagama! Ndidakwapulidwa, ndidapepesa, pano ndakalamba. Amene adameza nkhokwe zathunthu akuyenda ndi mikanjo yoyera. Ine mlandu wanga udzatha liti?"

Palibe adamumvapo Yotamu akukweza mawu chonchi. Nagama adayankha motsitsa, zimene sankachita kawirikawiri.

"Kwa ine udatha musadamere ndevu. Koma mtengo uwu mudauthirira ndi manja anu, ana athu adakulira pansi pake. Chinthu chabwino chokhacho chimene chidatulukapo m'bwalo la milandu la dziko lino ndi chimenechi. Mukafuna kudula, muyambe ineyo."

Yotamu adayang'ana m'mwamba, n'kukumbukira zidebe zonse za madzi zimene adasenza kuchokera kudambo. Mtengowo ankadana nawo ndiponso ankaukonda, ndipo sadadziwe kuti chachikulu n'chiti. Nkhwangwa idamulemera m'manja, adangokhala pansi pamizu. Nagama adatola mango amene adagwa, adawasenda n'kumupatsira.

"Idyani mlandu wanu," adatero. "Wapsa."

Tsiku lotsatira ndi limene Mfumu idasankha kuti ikaone ndi maso ake dziko loyeretsedwa. Adalitcha Tsiku la Kuyera. Ulendo udanyamuka dzuwa lili paliwombo, poti a Mpotoza adatsimikizira Mfumu kuti dzuwalo lauzidwa kale. Patsogolo padali Nkhwangwa Yachifumu itavekedwa mikanda, kenako Mfumu pamachila, itavala mikanjo yosanjikiza ndi chikopa cha kambuku pamwamba, nduna zikutsatira pambuyo.

Dzuwa loyembekezera mvula silidziwa mfumu. Msewu umene kale unkachita mdima ndi masamba udali mbee, wopanda ngakhale kamthunzi kobisalapo buluzi. Onyamula machila ankazemba zizindikiro za chitukuko mokhotakhota, Mfumu n'kumakhuthukira uku ndi uku ngati madzi mumtsuko. Idapempha mthunzi. A Kanyambita adathamanga kuti aitchinge ndi thupi lawo, ndipo kunena zoona thupi lotchingira adali nalo lokwanira, koma adagwera m'dzenje lawo lomwe, mkanjo woyera uja n'kutuluka wofiira. Adachita kuwavuula ndi chingwe akuthokoza boma.

Pofika pakhomo pa msika Mfumu idali itatsala pang'ono kukomoka. Itakweza maso idaona mtengo wa nthambi zotambalala.

"Nditsitseni apo!"

Adaikhazika pamizu, pomwe Yotamu adakhala dzulo lake. Kamphepo kadawomba. Nagama adagwada n'kuipatsa madzi m'chikho ndi mango osenda kale. Mfumu idamwa, idadya, madzi a mango akuyenderera mpaka m'chigongono, ndipo moyo udabwerera.

"Uwu ndiye mtengo!" idatero. "Ndi wa yani?"

Yotamu adali pamsika pomwepo ndi malonda ake. Akadatha kubisala kuseri kwa zidebe zake, ndipo miyendo yake inkafuna zomwezo. Koma adaona Nkhwangwa Yachifumu, imene adaisaka miyezi yonseyi, ikunyezimira pafupi pomwepo. Adaonanso Esinta ataima m'gulu la anthu, akumuyang'ana. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Adatuluka, adagwada n'kuomba m'manja.

"Ndi wanga, mbuyanga. Ndine Yotamu wa bakha. Ndidaba ndili mnyamata, ndipo sindidabwerezenso. Ndikupempha chifundo chimene mudalengeza. Mtengowu udulidwe lero, kuti ndikaime pa chinkhoswe cha mwana wa mlongo wanga."

Mfumu idayang'ana nthambi zili pamwamba pake, kenako idayang'ana dzuwa likuphulika kunja kwa mthunzi.

"Udulidwe? Uwu? Ine ndili pansi pake?"

Apa ndiye padavuta. Kukana kudali kuphwanya lamulo lake lomwe pamaso pa anthu, kulola kudali kubwerera padzuwa. Choipa kwambiri, aliyense ankaona kuti Mfumu yosalakwa yatsamira mlandu wa mbava ndipo ikunyambita zipatso zake. Idatembenukira kwa a Mpotoza, koma a Mpotoza adazemba maso ake n'kuyamba kukonza mkanjo wawo.

Nagama adayamba kusanja tomato wake, akuyankhula ngati akuuza tomatoyo.

"Ine ndimadabwa kale. Mtengo waulemerero chonchi, wotambalala ngati ufumu, ungakhale bwanji wa munthu wokhoma zidebe? Maonekedwe ake ndi achifumu awa."

A Mpotoza adawakha mawuwo asadagwe pansi.

"Ndi zimene ndimati ndinene! Tamverani nonse! Kafukufuku wa boma wapeza kuti mtengo uwu sudakhalepo wa munthu uyu. Udabzalidwa ndi dzanja la Mfumu Yaikulu ili mnyamata, ndipo inkauthirira yokha m'mawa ndi madzulo. Kuyambira lero awa ndi Mango a Mfumu!"

"Ndikukumbuka," idatero Mfumu ikupukuta pakamwa. "Madzi ndinkatunga kutali."

Yotamu adali chigwadire. Adakanda kumutu, n'kufunsa pang'onopang'ono.

"Pepani, mbuyanga, makutu angawa adatha ndi phokoso la malata, amamva mochedwa. Ndiye kuti ine ndilibe mtengo?"

"Ulibe!" adakalipa a Mpotoza. "Udakhala nawo liti? Ukadzayerekeza kunenanso kuti ndi wako, udzamangidwa chifukwa chofuna kuba mtengo wa Mfumu!"

Yotamu adatembenukira kwa anthu. "Abale anga, mwamva?"

"Tamva!" udayankha msika wonse, nthungululu n'kuphulika. Esinta adathamanga kudzagwira malume ake mkono, akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

Mfumu idaganiza kuti nthungululuzo n'zake, ndipo idakweza dzanja mokondwa. A Mpotoza okha ndiwo nkhope idasintha. Adakumbukira mochedwa kuti pa msewu umenewo palibe adabzalapo mango chifukwa cha chikondi, ndiponso kuti mtengo ukasintha mwini, mlandu wake umapita nawo. Koma madzi akatayika saoleka, ndipo padalibe wolimba mtima woti akauze Mfumu kuti yalandira chiyani.

"Ndimadziwa ine," adatero Nagama chapansipansi, "kuti bakha wonona ngati uja sakadabedwa ndi munthu wamba."

Nduna za ku Zidapita sizilola Mfumu kuchita chinthu yokha. Poona kuti mwini dziko wapeza mthunzi, iliyonse idathamangira mitengo ya anthu wamba imene idatsala m'mbali mwa msika, n'kulengeza kuti idabzala ndi iyo. A Kanyambita adalanda mzere wathunthu, kuyambira wa mayi wina wa maungu mpaka wa mkulu wina wa thumba la mtedza. A Mpotoza, atakana pang'ono, dzuwa lidawakankhira pansi pa mtengo wa munthu amene adanama pabwalo, ndipo anthu adati aka n'koyamba kuti boma liike munthu pamalo omuyenera. Pofika madzulo anthu wamba onse adali atayera popanda tsamba ndi limodzi lomwe kugwa, ndipo Nkhwangwa Yachifumu idabwerera ku Bweranimawa ndi mikanda yake.

Chinkhoswe cha Esinta chidachitika mvula isadagwe, pansi pa mtengo womwewo, umene ana tsopano ankautcha Mango a Mfumu ya bakha akaona kuti asilikali ali patali. Yotamu adavala jekete yobwereka, yothina m'mapewa, n'kuima kutsogolo monga mwini mbumba. Adalangiza ana awiriwo mwachidule, kuti kulakwa kulipo m'banja lililonse, koma wolakwa akapepesa asamabzalirane mitengo. Itafika nthawi yosinthana nkhuku, iye adapereka msoti wa kuchikazi, ndipo nkhoswe ya kuchimuna idamupatsa tambala wofiira, wonenepa, pamaso pa anthu onse. Chiyambire unyamata wake palibe adamupatsapo chiweto kuti agwire. Adamulandira ndi manja awiri, ndipo misozi idatsika iye osaibisa.

Nthawi yomweyo ng'oma idamveka kumsewu. Mfumu inkabwera kudzapuma pamthunzi wake, monga idazolowera masana alionse. Palibe adapangana ndi mnzake, koma amayi onse adadzambatuka, ena kuitana nkhuku zawo, ena kuvundikira abakha ndi madengu. Nagama adasendera pafupi ndi Yotamu n'kumukodola.

"Fumbatirani tambalayo, ankhoswe," adatero. "Eni mtengo akubwera."